Marian Anderson: Anawatsekera Khomo, Anakaimbira Panja

Lamulungu la Pasaka, pa 9 Epulo 1939, anthu 75,000 anasonkhana pabwalo mumzinda wa Washington, likulu la dziko la Amereka. Anabwera kudzamvera mayi mmodzi wakuda akuimba. Enanso miyandamiyanda anatchera khutu pa wailesi m'nyumba zawo. Mayiyo anali Marian Anderson.

Mwina mufunsa, panja bwanji? Holo yaikulu ya mumzindamo, Constitution Hall, inali ya bungwe la amayi achizungu lotchedwa Daughters of the American Revolution, ndipo lamulo lawo linali lakuti oimbamo akhale azungu okhaokha. Anawakana. Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa nthawiyo, anali m'bungwelo, ndipo anatulukamo chifukwa cha nkhaniyi. Boma linapereka malo pa masitepe a nyumba yokumbukira Abraham Lincoln, pulezidenti amene anamasula akapolo.

Tibwerere kumbuyo pang'ono. Marian anabadwa pa 27 Febuluwale 1897 ku Philadelphia. Bambo ake ankagulitsa malasha ndi madzi oundana, koma anamwalira mwanayo ali ndi zaka 12. Mayi ake, amene kale anali mphunzitsi, anayamba kukolopa m'sitolo kuti ana atatu adye. Mtsikanayu analowa kwaya ya mpingo wa Union Baptist ali ndi zaka 6. Akhristu a mpingowo, anthu osauka ngati iye, ndi amene anasonkherana ndalama zomulipirira aphunzitsi a nyimbo. Atapita kukalembetsa kusukulu ina ya nyimbo, anaima pamzere mpaka onse atathandizidwa, kenaka anamuuza kuti anthu akuda salandiridwa. Anatembenuka osayankha.

Mawu ake anali apansi, olemera, amene oimba amawatcha contralto. Mu 1925 anapambana mpikisano ku New York, koma ntchito sinabwere. Choncho anawoloka nyanja kupita ku Ulaya, kumene anthu a ku Sweden, Norway ndi Finland anadzaza maholo. Mu 1935 ku Salzburg, katswiri wotsogolera oimba Arturo Toscanini ananena kuti mawu otere amamveka kamodzi pa zaka 100. Komabe atabwerera kwawo mahotela ankawakanabe malo ogona. Mu 1937 ku Princeton, wasayansi Albert Einstein ndi amene anawalandira m'nyumba mwake.

Nanga opera? Ameneyu ndi sewero limene anthu sayankhula, zonse amachita kuimba. Nyumba yotchuka ya masewerowa ku Amereka ndi Metropolitan Opera ya ku New York, ndipo kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1883 panalibe munthu wakuda anapatsidwapo gawo loimba payekha. Pa 7 Januwale 1955 Mayi Anderson anakhala oyamba. Anaimba gawo la Ulrica, mayi woombeza ula, m'sewero la Giuseppe Verdi lotchedwa Un ballo in maschera. Anthu anawaombera m'manja asanatsegule n'komwe pakamwa.

Apa tinene zoona, khomolo linatseguka mochedwa. Mayiwa anali ndi zaka 57, mawu atayamba kutopa, ndipo limeneli ndi gawo lokhalo la opera limene anasewerapo moyo wawo wonse. Amene anadyerera ndi achichepere: mwezi womwewo Robert McFerrin anaimba pamalo omwewo, ndipo Leontyne Price anatsatira mu 1961.

Ulemu wina unabwera pambuyo. Anaimba pa kulumbiritsa mapulezidenti awiri, Eisenhower mu 1957 ndi Kennedy mu 1961, ndipo mu 1958 anali nthumwi ya dziko lawo ku bungwe la United Nations. Anatsazika omvera awo mu Epulo 1965 ku Carnegie Hall. Anamwalira pa 8 Epulo 1993 ku Portland, m'nyumba ya James DePreist, mwana wa mng'ono wawo, amenenso anali wotsogolera oimba. Anali ndi zaka 96.