Dotolo Robert Laws ndi Zaka Zake za Kudikira

Pa tchuthi chapitachi ndinaperekeza amalume anga ku Cape Maclear, kumene eni ake amati kwa Chembe. Iwo anapitira za usipa, koma ine ndinakaima pa manda a amishoni amene ali m'tsinde mwa phiri. Ndine munthu wosachedwa kutopa, ndipo anzanga a m'kalasi akudziwa kuti samu ikandikanika kawiri ndimatseka buku. Tsono nditamva kuti panali munthu wina amene anakwirira anzake pamalopo koma osabwerera kwao, ndinafuna kudziwa mbiri yake.

Munthuyo ndiye Dotolo Robert Laws. Anabadwira ku Aberdeen m'dziko la Scotland m'chaka cha 1851. Atate ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iyenso anayamba ntchito yomweyo ali mnyamata, napita ku sukulu madzulo ataweruka. Atawerenga za maulendo a David Livingstone, anayamba kupempha Mulungu kuti adzamtumize kwa Amakololo. Yankho silinadze msanga ai. Anayenera kutha zaka zambiri pa maphunziro a udotolo ndi a ubusa, ndipo anagwirakonso ntchito m'chipatala cha odwala nthomba ku Glasgow.

Khomo linatseguka mu 1875, pamene mpingo wa Free Church unatumiza anthu kudzayamba mishoni ya Livingstonia, mtsogoleri wao ali E. D. Young. Laws anali wa mpingo wina, wa United Presbyterian, ndipo iwo anangomubwereketsa kwa zaka ziwiri. Anakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire pa sitima yaing'ono ya Ilala. Pa mathithi a Shire anaiphwasula sitimayo, ndipo anthu mazanamazana anasenza zidutswa zake pamutu. Amene anathandiza kupeza amtengatengawo anali mafumu a Amakololo, omwe aja anawatchula m'pemphero ali mwana. Pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja.

Apa ndipo pali nkhani imene inandigwira mtima. Cape Maclear ndi malo okongola ndi dooko labwino, koma udzudzu unali wosaneneka, ndipo masiku amenewo panalibe wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Dotolo William Black anamwalira mu 1877. Chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mphunzitsi wochokera ku Lovedale ku South Africa. Pofika 1880 manda anali asanu. Laws mwini wake ankadwala kawirikawiri. Sukulu inalipo, odwala ankabwera, ndipo mu 1876 anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, anthu nazizwa. Koma wobatizidwa panalibe ndi mmodzi yemwe. Tangoganizani, anzanga owerenga, kulemba kalata chaka ndi chaka kwa anthu amene akusonkha ndalama kwanu, ndi kuwauza kuti mwakumba manda ena koma mpingo sunayambe.

Kubatiza anthu ambiri msangamsanga kukadakondweretsa a ku Scotland, koma iye sanafune kutero. Anadikira kufikira munthu atapempha yekha, akudziwa chimene akupempha. Munthuyo anali Albert Namalambe, amene anabatizidwa pa 27 March 1881, patapita zaka zisanu ndi miyezi isanu chifikire Ilala. Kudikira kwake sikunali kukhala manja lende. M'zaka zomwezo anazungulira nyanja, naphunzira Chinyanja, nayenda pansi kufunafuna malo ena. Atatsimikiza kuti pa Cape Maclear sipoyenera, anasamutsira mishoni ku Bandawe pakati pa Atonga mu 1881, ndipo Namalambe anatsala akuyang'anira ntchito pamalo akalewo.

Kwa Angoni kunalinso chimodzimodzi. Laws anakaonana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879, ndipo William Koyi anakakhala ku Njuyu mu 1882, koma chilolezo chotsegula sukulu chinaperekedwa mu 1886. Malo okhazikika anawapeza mu 1894 pa phiri la Khondowe, patatha zaka 19. Kumeneko anamanga sukulu yaikulu ya Overtoun yophunzitsa uphunzitsi, ubusa ndi ntchito zamanja. Za m'nyumba mwake ndingotchula pang'ono: anakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, ndipo mwa ana ao onse anakula ndi mmodzi yekha, Amelia.

Koma ndikadakhala wonama ndikadalekera pamenepa. Pali china chimene chandivuta. Munthu wozolowera kudikira amathanso kudikiritsa anzake kopitirira muyeso. Charles Domingo anafika ku mishoni ali mwana mu 1881 ndipo anakulira m'nyumba ya Laws. Anali wanzeru, anatsiriza maphunziro a ubusa, naloledwa kulalikira mu 1903, koma kudzozedwa ai. Chaka chinkatha, china nkubwera, amishoni akuti ayambe amuona kaye. Potsiriza anatopa nachoka mu mpingowo. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chiyambire mishoni. Ine ndiganiza kuti pa Cape Maclear Laws ankadikira Mulungu ndithu, pakuti wosauka ndi kudikirako anali iye mwini. Koma pa nkhani ya Domingo, amene anali kuchedwa anali anthu, ndipo wosauka anali wina. Ndinafunsa aphunzitsi athu a Baibulo za ichi, ndipo tinatsutsana mpaka belu la chakudya linalira.

Laws anachoka ku Livingstonia mu 1927 ali ndi zaka 76. Zaka ziwiri zija anamubwereketsera zinasanduka 52. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, ndipo anakaikidwa kwao ku Aberdeen, kutali ndi anzake asanu aja amene ndinaima pa manda ao kwa Chembe.