Paul Ngozi: Katswiri wa gitala amene makamera adamuphonya

Mu Okutobala 2024, woimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, imene ili m'chimbale chake cha Chromakopia. Anthu miyandamiyanda a ku Ulaya ndi ku America adaikonda osamva zimene mawu ena a m'kati mwake akunena, koma kwa munthu wa ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Lilongwe mudalibe chachilendo, pakuti mawuwo ndi a Chinyanja. Adawatapa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts chimene gulu la Ngozi Family la ku Zambia lidatulutsa mu 1977. Mtsogoleri wa gululo, Paul Ngozi, adali atagona m'manda zaka 35.

Dzina lake lenileni lidali Paul Dobson Nyirongo. Adabadwa mu 1949, dziko la Zambia likadali Northern Rhodesia pansi pa ulamuliro wa Angerezi, ndipo adakulira ku Chibolya, limodzi mwa madera a anthu osauka mumzinda wa Lusaka. Pamene dzikolo linkalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, iye adali mnyamata wa zaka 15. Nthawi imeneyo migodi ya kopa inkabweretsa ndalama zochuluka, ndipo achinyamata a m'matauni ankagula zimbale za The Beatles, The Rolling Stones ndi Jimi Hendrix. James Brown naye adafika n'kudzaimba ku Zambia mu 1970. M'nyengo imeneyi mudabadwa chamba cha nyimbo chimene chidadzatchedwa Zamrock, chosakaniza magitala amagetsi a kunja ndi kamvekedwe ka kumudzi.

Paul adayamba kuimba m'magulu ang'onoang'ono a mu Lusaka, kenaka adapita ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kukalowa gulu la Musi-O-Tunya, limene Rikki Ililonga adalitchukitsa. Sadakhalitseko. Atabwerera kwawo adakhazikitsa Ngozi Family pamodzi ndi Chrissy Zebby Tembo, woimba ng'oma, ndipo m'gululi munkaimbanso Tommy Mwale, wa gitala la besi. Dzina loti Ngozi silisowa womasulira kwa Mmalawi, ndipo lidamumatirira chifukwa cha zimene ankachita pa nsanja. Ankalikhwekhwereza gitala mwaukali, nthawi zina n'kuliimba ndi mano monga ankachitira Hendrix, ndipo ambiri ankapita ku madansi ake kukaona ndi maso zimene adamva kwa anzawo.

Mwayi wa oimbawa udadza pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene mtsogoleri wa dzikolo, Kenneth Kaunda, adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko. Wailesi idasowa nyimbo, makampani a zimbale adasowa oimba. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour adasonkhanitsa magulu ambiri, ndipo kampani ya Teal inkadinda zimbale ku Ndola. Mu 1976, Ngozi Family idatulutsa chimbale cha Day of Judgement.

Womvera chimbalechi lero amadabwa ndi kuuma kwake. Zida n'zitatu zokha: gitala, besi ndi ng'oma. Gitalalo limadutsa m'kachipangizo kopondera kotchedwa fuzz, kamene kamasasitsa mawu ake n'kuwachititsa kulira ngati chitsulo chikuchekedwa. Ng'oma zimagunda mosanyengerera, ndipo palibe chokometsera china. Chaka chomwecho, gulu la Ramones lidatulutsa chimbale chake choyamba ku New York, pamene Sex Pistols idatulutsa nyimbo yake yoyamba ku London. Awa ndiwo adatchukitsa chamba cha punk, cha nyimbo zazifupi, zaphokoso ndi zosapsatira mawu. N'chifukwa chake olemba za nyimbo a masiku ano amamuika Ngozi pafupi ndi chamba chimenechi, ngakhale iye adafika pa kamvekedweko kudzera njira yakeyake ya ku Lusaka.

Komabe padali kusiyana kwakukulu. Anyamata a ku London ankanyoza mfumukazi yawo ndi kulavulira chilichonse cha makolo, pomwe Ngozi ankagwiritsa ntchito phokosolo polangiza. Mitu ya nyimbo monga Tikondane ndi Kumanda kwa Bambo Wanga imaonetsa kumene mtima wake udali. Chimbale cha The Ghetto cha mu 1977 chimakamba za moyo wa m'madera ngati Chibolya: umphawi, uchidakwa, ulesi ndi makolo otaya ana. Gitala lidali la mnyamata wosamva, koma uthenga udali wa nkhalamba ya pabwalo. Ankaimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, chimene chidachititsa kuti nyimbo zake zimveke bwino kummawa konse kwa Zambia mpaka kutsidya kuno.

Kuno ku Malawi zinthu zidali zina. Lamulo la mu 1968 lidapatsa bungwe lounika zamsangulutso mphamvu yoletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Mu 1973 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti alendo ena ankametedwa asadalowe m'dziko. Wailesi idali imodzi, ya MBC, ndipo wailesi yakanema idadzayamba mu 1999. Maonekedwe a oimba a Zamrock, a tsitsi lanyankhalala ndi mathalauzi otambalala kumiyendo, sakadaoloka bwinobwino pachipata cha Mchinji.

Koma mphepo ya wailesi sifunsidwa chiphaso. Kuchoka paboma la Mchinji kukafika ku Chipata ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha, ndipo anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi: Achewa, komanso Angoni a Mpezeni amene mafumu awo ena, monga Zulu ndi Mlonyeni, ali m'boma la Mchinji. Amakwatirana, amalirana maliro, amagulitsana malonda. Wokhala m'malire ankatha kupotoza wailesi yake n'kupeza Radio Zambia ikulankhula chiyankhulo chake chomwe, ndipo zimbale, pambuyo pake makaseti, zinkayenda m'zikwama za apaulendo. Amene adamumva Ngozi mwa njira imeneyi adamudziwa ndi khutu lokha. Chimene chidamupatsa dzina, machitidwe ake a pa nsanja, sadachione.

Apa ndi pamene mbiri yake imasiyana kwambiri ndi ya anzake a kunja. Ku London, Don Letts adatenga kakamera ka Super 8 n'kujambula magulu a punk akuimba mu kalabu ya Roxy mu 1977, ndipo zithunzizo zidasanduka filimu ya The Punk Rock Movie. Mu Januwale 1978, Lech Kowalski adalondola Sex Pistols paulendo wake woimba m'mizinda ya ku America, ndipo mudatuluka filimu ya D.O.A. Gululo lidapasuka kumapeto kwa ulendo womwewo, litajambula chimbale chimodzi chokha cha mu situdiyo, koma mpaka lero mwana aliyense angathe kuliona likutuluka thukuta pa nsanja. Ngozi adatulutsa zimbale zambiri kuposa pamenepo ndipo adaimba zaka zochuluka, koma zithunzi zoyenda za madansi a Zamrock a nthawi imeneyo n'zosowa kwambiri. Filimu idali yodula, makamera adali m'manja mwa boma ndi anthu ochepa, ndipo nyumba zoulutsira mawu m'maiko ambiri zinkafufuta matepi akale kuti zijambulepo zatsopano.

Nyengo ya Zamrock sidakhalitse. Mtengo wa kopa udagwa mu 1975 ndipo chuma cha Zambia chidayamba kulowa pansi. Mu 1978 asilikali a Rhodesia adaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe kufupi ndi Lusaka, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku adapha madansi amene oimba ankadyerapo. Disiko idalanda achinyamata, kalindula adalanda wailesi, ndipo makaseti okopera mwachinyengo adagwetsa malonda a zimbale. Magulu ambiri adabalalika, koma Ngozi adapitiriza kuimba ndi kujambula mpaka m'zaka za m'ma 1980.

Adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, pa nthawi imene mliri wa Edzi unkasesa oimba a m'badwo wake. Pagulu loyambirira la WITCH, limene lidali lotchuka kwambiri pa Zamrock, adatsala ndi Emmanuel Jagari Chanda yekha. Chifukwa choti adakhala ndi moyo, Jagari adapezedwa ndi makamera: Gio Arlotta adatulutsa filimu ya mbiri ya gululo mu 2019, ndipo maulendo ake a ku Ulaya ndi ku America ali ponseponse pa intaneti. Ngozi adatsalira m'zimbale, zimene kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idayamba kuzitulutsanso, kuphatikizapo Day of Judgement mu 2014. Ku Lusaka, msewu wina wa ku Kabwata umatchedwa dzina lake.

Nkhani yotere si ya ku Zambia kokha. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adamwalira mu 1987, amaonekabe zala zake zikuyenda pa gitala chifukwa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, adayamba kumujambula mu 1967. Oimba ena ambiri a nthawi ya MBC yokha adasiya mawu opanda nkhope. Lero dansi iliyonse, kaya ndi ya ku Lilongwe kapena pamsika wa Kamwendo, imajambulidwa ndi mafoni ambirimbiri, koma foni ikatayika kapena kuwonongeka zonse zimapita nayo. Ntchito yosonkhanitsa ndi kusunga zithunzi zimenezi ikudikirabe mwini wake.