Sol Plaatje: mlembi yemwe ankagulitsa yekha mabuku ake

M'dera la migodi ya platinamu ku Rustenburg, komwe kumagwira ntchito anthu ochokera m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa, chiyankhulo cha eni nthaka ndi Chitswana. Mmodzi mwa anthu omwe anavutikira kwambiri chiyankhulochi kuti chikhale ndi mabuku akeake ndi a Solomon Tshekisho Plaatje. Iwo sanali a ku Rustenburg, koma nthano yawo yaitali yotchedwa Mhudi ikukamba za nkhondo za Mzilikazi, mfumu ya Amandebele yomwe inakhalapo m'mapiri a Magaliesberg, pafupi ndi mzindawu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1820.

A Plaatje anabadwa pa 9 Okutobala 1876 pa famu ina kufupi ndi Boshof, ndipo anakulira pa mishoni ya Pniel. Sukulu anailekezera m'makalasi oyambirira. M'chaka cha 1894 anayamba ntchito yoperekera makalata ku Kimberley, kenaka mu 1898 anakakhala wotanthauzira m'bwalo la milandu ku Mafeking. Kumeneko ndi komwe anadzakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Chitswana ndi Chingerezi ya Koranta ea Becoana. Mu 1912 anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu woyamba wa bungwe lomwe lero ndi chipani cha ANC.

Ambiri amawakumbukira pa ndale, koma nkhondo yomwe inawadyera nthawi ndi ndalama inali yosindikiza mabuku. Lamulo la malo la mu 1913 litalanda anthu akuda ufulu wogula nthaka m'dera lalikulu la dzikolo, iwo anayendera mabanja omwe anathamangitsidwa m'mafamu, nalemba zomwe anaona m'buku la Native Life in South Africa. Bukuli linatuluka ku London mu 1916, mwini wake atapemphetsa ndalama zolipirira osindikiza. Pambuyo pake ankalinyamula yekha kukaligulitsa m'misonkhano yomwe ankayankhulako.

Mhudi anavuta koposa. Analemba m'Chingerezi cha m'ma 1920 ali ku London, koma osindikiza a ku Britain ndi ku America omwe, anaikana. Zolembazo zinakhala zaka khumi zikudikira mpaka mishoni ya Lovedale inazisindikiza mu 1930, ndipo bukuli limatengedwa kuti ndi nthano yaitali yoyamba ya m'Chingerezi yolembedwa ndi munthu wakuda wa ku South Africa. Mtima wa nkhaniyo ndi mayi wa mtundu wa Barolong yemwe anapulumuka mudzi wa kwawo utaonongedwa, ndipo nzeru zake kawirikawiri zimaposa za mwamuna wake, Ra-Thaga. Kuika mkazi patsogolo m'nthano ya nkhondo sichinali chinthu chozolowereka nthawi imeneyo, ndipo pamenepa ndi pomwe bukuli likukomerabe lero. Mu 1978 kampani ya Heinemann inalitulutsanso potsatira zolemba zoyambirira za a Plaatje, n'kubwezeretsa zigawo zomwe munalibe m'buku la 1930.

Pa Chitswana anagwira ntchito ya mmisiri. Mu 1916 anatulutsa buku la miyambi ya Chitswana, komanso buku lophunzitsa katchulidwe ka mawu lomwe analemba ndi katswiri wa ku London, Daniel Jones. Anamasuliranso masewero a Shakespeare: Diphosho-phosho, lochokera ku The Comedy of Errors, linatuluka mu 1930, pomwe la Julius Caesar linasindikizidwa mu 1937 iwo atamwalira kale. Ena mwa masewero omwe anamasulira anasowa asanafike kwa osindikiza. M'zaka zawo zomaliza analimbana ndi akatswiri omwe ankakonza malamulo atsopano a kalembedwe ka Chitswana osafunsa mokwanira eni chiyankhulo, mkangano womwe olemba Chichewa ndi Chinyanja sangaudabwe.

A Plaatje anamwalira ndi chibayo pa 19 Juni 1932 ali pa ulendo ku Johannesburg, ndipo anaikidwa m'manda ku Kimberley, komwe mu 2014 kunatsegulidwa yunivesite ya dzina lawo. Zomwe ankalemba tsiku ndi tsiku pamene Mabunu anazinga Mafeking mu 1899 ndi 1900 zinasungidwa ndi a pabanja, ndipo zinasindikizidwa koyamba mu 1973.