Samora Machel ndi mzinda wa ku Unango

Mukamayenda pakati pa mzinda wa Lichinga, mumaona cifaniziro ca Samora Machel. Boma linaimika zifaniziro zotere m'mizinda ikuluikulu ya m'zigawo mu 2011, patatha zaka 25 iye atamwalira. Mwina mumangodutsa pothamangira ku msika. Lero taimani pang'ono, timudziwe munthuyu.

Samora anabadwa pa 29 Seputembala 1933 ku Chilembene, m'cigawo ca Gaza. Makolo ake anali alimi. Iye anaphunzira unamwino n'kumagwira nchito pa cipatala ca ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Mu 1963 anathawira ku Tanzania kukalowa Frelimo. Nkhondo yomenyera ufulu inamufikitsa kuno ku Niassa, ndipo mu 1968 anali nawo pa msonkhano waukulu wa ku Matchedje. Pa 25 Juni 1975 anakhala pulezidenti woyamba wa Moçambique.

Nthawi ya Apwitikizi, mzinda wathuwu unkachedwa Vila Cabral. Agogo anu angakuuzeni mmene zinalili: nyumba za simenti zinali za azungu ndi amalonda, eni dziko ambiri ankakhala m'mphepete, m'nyumba za udzu. Mu 1976 Samora analengeza kuti nyumba zonse za lendi zikhale m'manja mwa boma. Mabanja ambiri analowa m'nyumba zimene kale ankangoziona ndi maso. Dzina la Cabral nalonso linacoka, pakabwera la Lichinga.

Koma maso ake anali pa cinthu cacikulu kuposa apa. Ankaona kuti Niassa ndi dziko lalikulu, la nthaka yaconde, koma anthu ndi ocepa. Mu 1979 anapita ku Unango, m'boma la Sanga, kumpoto kwa Lichinga. Kumeneko kunali msasa wa anthu amene boma linawatsekera, ati kuti asinthe khalidwe. Iye anawakhululukira, n'kuwauza kuti amange mzinda watsopano pomwepo. Tangoganizani! Dzulo ndinu mkaidi, lero akuti ndinu mmisiri womanga mzinda. Panabwera munda waukulu wa boma ndi mathirakitala, komanso akatswiri a ulimi ocokera ku Germany ya kum'mawa.

Apa ndiye nkhani imawawa. Mu 1983 boma lake linayamba Operação Produção. Apolisi ankagwira anthu m'misewu ya Maputo ndi Beira, aliyense wopanda kalata yosonyeza kuti ali pa nchito. Ambiri anawakweza ndege kubwera nawo ku Niassa. Ena anasiya ana kunyumba osatsanzika n'komwe. Anafika kuno opanda bulangeti, ndipo inu mukudziwa mmene Juni amazizirira ku mapiri kuno. Ena anafa ndi njala ndi matenda. Ena anatsala, nakwatira konkuno, ndipo ana awo ndi anansi athu. Ine ndimati mzinda sumangidwa ndi anthu obwera nawo mokakamiza, ngakhale amene walamula akhale wokondedwa bwanji.

Kenako nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inakula. Mu Disembala 1984 anthu a mfuti anabisalira akatswiri a ku Germany aja pa msewu wa ku Unango, napha angapo. Otsala anabwerera kwawo. Mzinda uja sunamangidwe monga Samora ankafunira.

Cina cimene sitingaiwale ife a m'kalasi ya akuluakulu n'cakuti mu 1978 boma lake linayambitsa nchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga m'dziko lonse.

Samora anamwalira pa 19 Okutobala 1986. Ndege imene anakwera pocokera ku Zambia inagwa ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Anali ndi zaka 53.