Marechal Zhukov ndi mkangano wa amene anapambana nkhondo

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inatha ku Ulaya m'mwezi wa Meyi 1945, koma maiko amene anagonjetsa Hitler sakumbukira tsiku limodzi. Ku France ndi ku Britain amakumbukira pa 8 Meyi, pamene ku Russia chikondwerero chimachitika pa 9 Meyi. Pakati pa kusiyana kumeneku pali dzina la Georgy Zhukov, mkulu wa asilikali a Soviet Union amene analandira kugonja kwa Ajeremani mumzinda wa Berlin.

Zhukov anabadwa pa 1 Disembala 1896 m'mudzi wa Strelkovka, m'chigawo cha Kaluga. Makolo ake anali osauka. Bambo ake ankasoka nsapato, ndipo mnyamatayo asanakule anatumizidwa ku Moscow kwa amalume ake kukaphunzira kusoka zovala za zikopa. Mu 1915 anamulemba usilikali m'gulu la okwera pa akavalo, ndipo analandira mendulo ziwiri chifukwa cha kulimba mtima. Ufumu wa Russia utagwa, mu 1918 analowa gulu lankhondo la boma latsopano la chikomyunizimu.

Dzina lake linayamba kumveka mu 1939 pamene anagonjetsa asilikali a Japan pa mtsinje wa Khalkhin Gol, ku Mongolia. Kumayambiriro kwa 1941 Stalin anamuika kukhala mkulu wa likulu la asilikali onse. Pa 22 Juni chaka chomwecho Ajeremani analowa m'dzikolo ndi asilikali oposa 3 miliyoni. Zhukov analangiza kuti asilikali achoke mumzinda wa Kiev asanazingidwe. Stalin anakwiya namuchotsa pa mpando, koma patapita milungu yochepa Kiev anagwa, ndipo asilikali mazanamazana a zikwi anagwidwa.

Kuyambira pamenepo Zhukov ankatumizidwa kulikonse kumene zinthu zavuta. Mu Seputembala anali ku Leningrad. Mu Okutobala anaitanidwa kuti ateteze Moscow, ndipo mu Disembala asilikali ake anabweza Ajeremani amene anali atafika pafupi ndi mzindawo. Anathandiza kukonza nkhondo ya ku Stalingrad, kumene Ajeremani anagonja pa 2 Febuluwale 1943, ndiponso ya ku Kursk mu Julayi chaka chomwecho. Udindo wa marechal anaulandira mu Januwale 1943.

Sikuti ankapambana paliponse. Kumapeto kwa 1942 nkhondo imene anatsogolera kufupi ndi Rzhev inalephereka ndipo inapha asilikali ake ambirimbiri. Anali munthu waukali, wosamva za kubwerera m'mbuyo. Pa nkhondo yolanda Berlin, imene inayamba pa 16 Epulo 1945, Stalin anamupikisanitsa ndi Marechal Ivan Konev kuti aone amene ayambe kulowa mumzindawo. Berlin anagonja pa 2 Meyi, koma asilikali a Soviet Union pafupifupi 80,000 anatsala m'manda.

Apa ndi pamene mkangano unayambira. Pa 7 Meyi, mkulu wa asilikali a Germany, Alfred Jodl, anasaina chikalata chogonja ku Reims, m'dziko la France, kumene kunali likulu la Dwight Eisenhower wa ku America. Stalin sanakondwe nazo. Kwa iye kunali kunyoza kuti dziko limene linakhetsa mwazi wochuluka lingokhala ngati mboni pa mwambo wa eni ake. Anaumirira kuti mwambowo uchitikenso ku Berlin, pamaso pa Zhukov.

Usiku wa pa 8 Meyi akuluakulu anasonkhana ku Karlshorst, m'mbali mwa Berlin. Ngakhale kumeneko anayamba alimbana okhaokha kwa maola angapo pa nkhani ya amene ayenera kusaina. Mkulu wa asilikali a France, Jean de Lattre de Tassigny, anapeza kuti mbendera ya dziko lake palibe pakhoma, ndipo anaumirira mpaka ina inasokedwa mofulumira. Pomaliza anagwirizana kuti Zhukov ndi Arthur Tedder wa ku Britain asaine m'malo mwa ogwirizana onse, pamene Carl Spaatz wa ku America ndi de Lattre asaine ngati mboni. Wilhelm Keitel anasainira Ajeremani. Nthawi imeneyo ku Moscow kunali kutadutsa kale pakati pa usiku, tsiku linali la 9 Meyi. Masiku awiri aja anabadwa motero.

Owerenga angafunse kuti kodi wolondola anali ndani. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni, asilikali ndi anthu wamba. America inataya pafupifupi 400,000, Britain pafupifupi 450,000. Mwa asilikali a Germany amene anafa pa nkhondo, ochuluka kwambiri anafera kum'mawa, polimbana ndi asilikali a Soviet Union. Pamene asilikali a America, Britain ndi Canada ankatsika m'zombo ku Normandy pa 6 Juni 1944, Ajeremani anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo kum'mawako.

Koma mutu umodzi susenza denga. America inatumiza ku Soviet Union malole ndi magalimoto ang'onoang'ono oposa 400,000, pamodzi ndi ndege, zitsulo, onga, mafuta ndi nyama ya m'zitini. Malole amenewa ndiwo ankanyamula asilikali ndi kukoka mizinga pa ulendo wopita ku Berlin. Britain inali italimbana ndi Hitler kuyambira mu 1939, panthawi imene Stalin anali pa pangano losamenyana ndi Germany. Ndege za Britain ndi America zinkaphulitsa mafakitale a Germany, ndipo amalinyero ambiri anamira m'nyanja yozizira ya kumpoto akupititsa katundu ku Murmansk. Palinso ena amene sanaitanidwe pa tebulo lija: anthu a ku China amene anafa mamiliyoni, asilikali a ku India, ndi asilikali a ku Africa, kuphatikizapo a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia, amene anamenya nkhondo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma.

Zhukov mwini ankazidziwa zimenezi. Iye ndi Eisenhower analemekezana kwambiri. Mu Ogasiti 1945 Eisenhower anapita ku Moscow limodzi ndi Zhukov, ndipo mu Julayi chaka chomwecho Bernard Montgomery anali ataveka Zhukov mendulo yaulemu ya ku Britain ku Berlin. Patapita zaka, pocheza ndi anthu mwamseri, Zhukov ankavomera kuti popanda malole, zitsulo ndi onga wa ku America dziko lake likanavutika koopsa kupitiriza nkhondo. Boma lake silinkafuna kuti mawu otere amveke poyera. Nako kumadzulo, mabuku ndi mafilimu ankakweza Normandy n'kuchepetsa Stalingrad. Ubwenzi utazirala, aliyense ankakokera ulemu kwake.

Ngakhale kwawo komwe ulemu wa kupambana unamubweretsera mavuto. Pa 24 Juni 1945 anayendera asilikali pa chionetsero chachikulu ku Moscow atakwera kavalo woyera, anthu namuombera m'manja. Chisanathe chaka, Stalin anamuimba mlandu wodzitamandira ndi kudzitengera ulemu wa nkhondo zimene anakonza ndi anzake. Anamunenanso kuti anadzikundikira katundu wolanda ku Germany. Mu 1946 anamukankhira ku Odessa, kenako mu 1948 kumapiri a Ural, kutali ndi likulu.

Stalin atamwalira mu 1953 Zhukov anabwerera, nathandiza kumanga Lavrenty Beria, mkulu wa apolisi achinsinsi. Mu 1955 anakhala nduna ya chitetezo, ndipo chaka chomwecho anakumananso ndi Eisenhower ku Geneva, Eisenhower ali pulezidenti wa America. Mu 1956 asilikali amene anali pansi pake anathetsa ndi akasinja kuukira kwa anthu a ku Hungary. Mu Juni 1957 anapulumutsa Nikita Khrushchev kwa anzake ofuna kumugwetsa, koma mu Okutobala Khrushchev yemweyo anamuchotsa poopa mphamvu zake.

Zaka zotsalazo anakhala phee kunyumba akulemba mbiri ya moyo wake. Bukulo linatuluka mu 1969, akuluakulu a chipani atadulamo zambiri zimene sanazifune. Zhukov anamwalira pa 18 Juni 1974 ali ndi zaka 77, ndipo phulusa lake linaikidwa m'khoma la Kremlin. Mu 1995, pokumbukira zaka 50 nkhondo itatha, anamuimikira chipilala pafupi ndi Red Square, ali pa kavalo. Nyumba ya ku Karlshorst tsopano ndi yosungiramo mbiri yakale, ndipo m'chipinda chija mbendera zinayi zili pakhoma limodzi.