William Primrose anasiya vayolini, dziko n'kumudziwa

Inetu ndikalowa pa YouTube usiku, dzina lomwe ndimasaka kawirikawiri ndi la William Primrose. Mkuluyu anabadwira ku Glasgow mu 1904 ndipo anayamba ndi vayolini, chida chomwe chimatsogolera nyimbo n'kumaomberedwa m'manja. Koma mphunzitsi wake, Eugène Ysaÿe, anamulangiza kuti atenge viola, chida chokulirapo cha mawu otsika, chomwe ambiri ankachiona ngati chongothandizira. Primrose anamvera.

Mu 1930 analowa gulu la London String Quartet, ndipo mu 1937 anapita kukaimba ndi Toscanini ku NBC Symphony. Kenako anapempha Béla Bartók kuti amupekere nyimbo ya viola. Bartók anamwalira mu 1945 asanaimalize. Anaimalizitsa ndi Tibor Serly, Primrose n'kuiimba koyamba mu 1949.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti makutu atayamba kumuvuta, sanangokhala n'kumadandaula ayi. Anaphunzitsa ku Indiana, ku Tokyo, mpaka ku Provo komwe anamwalirira mu 1982.

Anzanga, bandulo isanathere pa TikTok, sakani Harold en Italie ya Berlioz yomwe anajambula mu 1944. Mudzimvere nokha ngati mpando wakumbuyo ulidi wonyozeka.