Lamborghini anayambira pa thirakitala

Mnzanga wina wa kwathu kwa Mavwere ku Mchinji anasiya kuphunzira umakaniko chaka chatha, ati ndi ntchito yothimbiritsa manja. Koma pa foni yake anaika chithunzi cha Lamborghini. Ndinaseka, chifukwa mwini dzinali anali makaniko weniweni, mwana wa mlimi ngati ife tomwe.

Ferruccio Lamborghini anabadwa pa 28 April 1916 ku Renazzo, m'dziko la Italy. Makolo ake ankalima mphesa, koma iye mtima unali pa makina. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankakonza magalimoto a asilikali pa chilumba cha Rhodes. Atabwerera kwawo anaona kuti alimi akusowa mathirakitala pomwe zitsulo za magalimoto ankhondo zili mbwee. Anayamba kuzilumikiza, ndipo mu 1948 anatsegula kampani ya mathirakitala. Chuma chake chinachokera pamenepo.

Atalemera anagula Ferrari, koma klatchi yake inkavuta pafupipafupi. Nkhani imamveka kuti atakadandaula kwa Enzo Ferrari sanalandiridwe bwino. Mu 1963 anatsegula fakitale yakeyake ku Sant'Agata Bolognese.

Galimoto yomwe inamutchukitsa ndi Miura, imene inaonetsedwa ku Geneva mu 1966. Injini yake ya masilinda 12 anaigoneka chopingasa kumbuyo kwa dalaivala, patsogolo pa mateyala akumbuyo. Kulemera kukakhala pakati chonchi, galimoto imakhota bwino pa liwiro. Anthu omwe anakonza zimenezi, monga Gian Paolo Dallara ndi Paolo Stanzani, anali asanakwane zaka 30.

Komatu kukhala nayo si masewera. Injini ili pafupi ndi msana, ndiye mkati mumatentha komanso muli phokoso. Ma Miura oyambirira ankagwiritsa oyilo mmodzi ku injini ndi ku giyabokosi, choncho tizitsulo toperepeseka m'magiya tinkatha kulowa mu injini. Thanki ya petulo ili kutsogolo, ndipo mafuta akamachepa kutsogoloko kumapepuka galimoto ikamathamanga kwambiri. Mpaka lero, wokhala ndi Miura amadalira makaniko wodziwa ntchito. Taganizani mutaibweretsa pa msewu wa M12 ndi mahampu ake, kapena m'misewu yathu yafumbi nthawi ya dzinja. Eeh, mungalire!

Zinthu zinasintha cha mu 1971. Dziko la Bolivia linathetsa oda yaikulu ya mathirakitala boma litalandidwa, ndipo ndalama zinayamba kuvuta. Mu 1972 Ferruccio anagulitsa 51 peresenti ya kampani ya magalimoto, mu 1974 n'kugulitsa yotsalayo, mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse. Anabwerera kumunda pafupi ndi nyanja ya Trasimeno n'kumapanga vinyo. Anamwalira ku Perugia pa 20 February 1993 ali ndi zaka 76.

Ine sindinaionepo Miura ndi maso, ndimangoionera pa YouTube ngati inu. Koma ku Waliranji ndimaona anyamata akutsegula injini za njinga zamoto za kabaza, ena akuwotcherera ngolo ndi zitseko. Ntchito imeneyi ndi yomwe Ferruccio anayamba nayo, ndipo alimi athu a fodya, mtedza ndi soya akufunabe makina otchipa omwe angakonzedwe pompano.

Nkhaniyi ndinamutumizira mnzanga uja pa WhatsApp. Anawerenga, koma sanayankhebe. Masipanala ake akadali m'thumba la feteleza kuseri kwa chitseko.